Mtedza wonenepa unatsala pakhomo

Kwathu kuno ku Guilleme tinakula tikudziwa kuti mtedza wonenepa ndi wa mavenda, wofwapa ndi wakuda ndiye wathu wosinjira. Poswa tinkayamba tauwaza madzi kuti makoko afewe, zala zisapweteke. Amayi ankatero, inenso ndinkatero.

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anamwalira mimba itatupa, maso ali achikasu. Achipatala anati chiwindi chinasiya kugwira ntchito chifukwa cha kachilombo ka hepatayitisi B, ndiye abale tonse tikayezetse. Amuna anga anawapeza nako. Ine ndi ana ayi, Mulungu ngwabwino.

Mankhwala anawapatsa. Anatinso tikaona maso asintha, kaya zotupa m'khosi kapena m'khwapa, tisachedwe, poti nthawi zina matendawa amabweretsa khansa. Kenako namwino anandifunsa, "Mayi, kunyumba mumadya mtedza wotani?" Nditamuuza anagwira pakamwa. Akuti mtedza wonyowetsa umachita chuku, ndipo chukucho n'chiphe kwa munthu wodwala chiwindi.

Chaka chimenecho ndinaswa wouma gwa. Zala zinang'ambika, kolona ndinkapemphera chala chili chomanga kansalu. Wonenepa ndinathira m'thumba la pakhomo, wapakati wa mavenda, wakuda ndinakakwirira kudzala.

Amuna anga atasuzumira m'thumbamo anadabwa. "Mayi, kodi kukubwera Bambo Mfumu?"

"Bambo Mfumu wake ndinu."

"Nanga wakuda uja, ngakhale nkhuku osazipatsa?"

"Nkhukuzo adzadye ndani? Akulu anu tinawaika, abambo. Inu sindikuikani chifukwa cha nsinjiro."

Anakhala pansi pamphasa. Anakoka lichero, n'kuyamba kusankha nawo. Mpaka lero amasankha, ndipo amandiposa nkhanza. Kambewu kakangoda pang'ono, uko! Amayi a kumphakati wa tchalitchi amatiseka kuti tikudya ngati abwana a kuesiteti. Ndimaseka nawo, koma awiri anasiya kuwaza madzi, ndinawaona ndekha.

Sindinena kuti mtedza ndiwo wawasunga. Pali mankhwala, pali Mwini moyo, komanso mowa anausiya. Mwezi watha tinapitanso kuboma kukayezetsa. Adokotala anawagwira m'khosi, anaona zotsatira za magazi, akuti chiwindi chikulimba ndithu.

Pobwerera anandikweza pakaliyala wa njinga, chitunda chonse osatsika. Ndinawagwira m'chiuno, ndikuyimba chamumtima.