Zidzolo za mwana, mlandu wa mtengwa

Lachiwiri lapitali ndinaitanidwa ku Sinda kukathetsa banja. Sanandiuze choncho pafoni ayi, koma alongo anga aakulu, a Eneresi, akanena kuti “mubwere monga malume,” dziwani kuti munthu wina wamangiridwa kale katundu.

Wamlandu anali Tiyanjane, mkazi wa mwana wawo Yohane. Mtsikanayu ndi wa ku Vubwi, ndipo wakhala pakhomopo zaka ziwiri monga mtengwa. Analakwanji? Mwana wake Dalitso, amene sanathe n'chaka chomwe, watuluka zidzolo m'masaya, m'khosi ndi kuseri kwa mawondo. Khungu lauma, likusupuka, mwana akungodzikanda ndi kulira.

Alongo anga anali ataweruza kale. Anati kumtundu kwathu kulibe khungu lotere, amenewa ndi magazi a kumalire, kumene munthu amadzuka wa ku Zambia, n'kukagula mchere ku Malawi, n'kukalima ku Mozambique. Anawonjezanso kuti ndi uve. Ndinafunsa kuti tsono tigwire chiti, magazi kapena uve? Anati zonse ziwiri, ndipo ndisawadule mawu.

Tiyanjane anali pamphasa, mwana ali pamiyendo, chikwama chake chili pakhomo. Yohane, mwamuna wamkulu wandevu zake, anali kuyang'ana foni ngati muli yankho.

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti tisanaweruze amake tikayambe taonetsa mwanayo kukiliniki. Anavomera monyinyirika, ndipo m'mawa mwake tinapita tonse anayi.

Anesi amene tinawapeza, mayi wojintcha wosapupuluma, anayang'ana mwanayo n'kufunsa kuti amasamba bwanji. Apa alongo anga anakhala bwino pabenchi. Anafotokoza monyadira kuti chiyambireni vutoli anamulanda mtengwa ntchito yosambitsa mwana. Amamusambitsa okha katatu patsiku, ndi sopo wamankhwala uja amati amapha tizilombo tonse, n'kumukwecha ndi chinkhupule. Akatero amamudzoza mafuta amene anagula pamsika wa ku Katete, a m'kabotolo kolembedwa chilankhulo chimene palibe aliyense m'banjamo amatha kuwerenga.

Anesi anaika cholembera pansi.

Anatiuza kuti pakhungu la munthu aliyense, ngakhale la abusa atavala kolala, pamakhala tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Tambiri si adani. Timadya mafuta ndi thukuta lathu, ndipo pokhala pamenepo timatsekereza toipa kuti tisapeze malo. Ta kunkhwapa n'tosiyana ndi ta pamphumi, ta kumapazi n'tinanso. Ukamakwecha khungu la khanda ndi sopo waukali katatu patsiku, umachotsa mafuta ake, umasesa ndi tabwino tomwe, khungu n'kung'ambika, toipa n'kulowa ngati mbuzi m'dimba lopanda mpanda.

Kenaka anati mbali ina ya vutoli imachokera ku majini.

Alongo anga anadzuka pabenchi. “Mwamva? Ndinanena ine! Wabwera nawo majini a kwawo!”

Zinatenga kanthawi kuti anesi awakhazike pansi ndi kuwamveketsa kuti sakunena mizimu yoipa ija amatulutsa m'mapemphero. Amanena zimene mwana amatengera kwa makolo onse awiri: kaya khungu lake likhale louma kapena lamafuta, kaya azituluka thukuta lambiri, kaya thupi lake lizipsa mtima msanga likakhudzidwa ndi kanthu. Zimenezo zimathandiza kusankha tizilombo timene tingakhazikike pa iye. Zinazo zimachokera kumene akukhala, madzi amene amasamba, zodzola, fumbi, ziweto ndi anthu amene amamunyamula.

Ndiye anafunsa ngati m'banjamo muli wina amene anavutikapo ndi khungu lotere ali mwana, kapena wa chifuwa cha mphumu.

Alongo anga anati palibe.

Owerenga anga, mukanakhala inu mukanatani? Ine ndimakumbukira bwino Yohane ali wakhanda, atamangidwa masokosi m'manja kuti asadzikande. Ndine ndinkawakweza panjinga iye ndi amake kupita nawo kuchipatala, mwana akulira njira yonse. Ndinanena zimenezo. Alongo anga anandiyang'ana ngati ndagulitsa ng'ombe yawo, n'kuyankha kuti zija zinali za kutentha chabe. Yohane anabisa foni m'thumba, koyamba chifikireni ine.

Anesi sanalekere pomwepo. Anati anthu a nyumba imodzi, osambira beseni limodzi, obwerekana zitenje ndi kupokezana mwana, amagawana tizilombo ta pakhungu tsiku ndi tsiku. Pakatha zaka ziwiri, n'kutheka kuti khungu la mtengwa lili ndi alendo ambiri a ku Sinda, ndipo la apongozi lalandirako a ku Vubwi.

Apa Tiyanjane anafunsa mwaulemu wonse, maso ali pansi: “Nanga ndikamapita kwathu, amai, tizilombo tanuto ndinyamule, kapena ndikusiyireni?”

Ndinatsokomola kuti ndisaseke. Anesi sanavutike n'kutsokomola komwe.

Koma tisawaseke kwambiri alongo anga, chifukwa matendawa tili nawo tonse. Mwana akakhoza mayeso, watengera ife. Akakhala ndi mano oyera, ndi a agogo ake a kuno. Akangotuluka chipere, timayamba kufufuza mudzi wa amake mpaka kwa azigogo amene sitinawaonepo. Chabwino chilichonse ndi magazi athu, choipa chilichonse chinabwera pa minibasi ndi mkazi. Kodi magazi athuwa amasefedwa kuti, kuti azingodutsa zokoma zokhazokha?

Ndiye pali nkhondo yathu ija ndi tizilombo. Wailesi ikangoti sopo uyu amapha tonse, timathamangira kukagula osafunsa kuti tizilombo tonse tikafa, patsala ndani. Pitani pamsika wa ku Katete Loweruka mukaone mafuta oyeretsa khungu mmene akuyendera malonda. Munthu nkhope yayera ngati papaya losenda, zala zili bii, masaya apsa, koma akadali kuitanitsa botolo lina. Khungu likayamba kuyabwa, sanena botolo. Anena mnansi wansanje.

Musandimve molakwa. Sindikuti tileke kusamba, makamaka inu achimwene amene timakwera nanu minibasi ya ku Chipata mwezi wa Okutobala mutakweza mkono kugwira chitsulo. Inuyo tizilombo tanu tachita kumanga matauni, musabisale kuseri kwa nkhani ino. Kusamba m'manja ndi sopo kumapulumutsa miyoyo. Ndikunena zokwecha khanda ngati poto wopserera, n'kumaloza chala munthu wina likalira.

Tinabwerera ndi malangizo osavuta: madzi ofunda pang'ono, kamodzi patsiku, sopo wofatsa, mafuta wamba opanda fungo, ndi kamankhwala kopaka kamene anatipatsa. Chikwama cha Tiyanjane chinalowanso m'nyumba, wonyamula Yohane. Sopo wotchuka uja tsopano akuchapira masokosi a mwamuna yemweyo, ndipo kumeneko ndiye wapeza ntchito yomuyenera.

Lamlungu alongo anga anandiimbira atachoka ku tchalitchi. Anati mwana wayamba kugona bwino, masaya akusalala. Ndinadikira kuti ndimve ngati apepesa kwa mtengwa wawo. Anangoti iwo ankadziwa kuyambira kale kuti vuto ndi sopo, ndipo opanga sopo masiku ano alibe chilungamo.

Tiyanjane anapulumuka chifukwa malume wina wapakamwa anakumbukira masokosi a m'manja. Nanga atengwa angati m'midzi yathuyi anakwezedwa minibasi ndi mwana kumsana, chifukwa cha khungu limene mwanayo anatengera kwa bambo ake, pamene onse okumbukira anasankha kukhala chete?