Phulusa Langa Linathera mu Therere

Ananditengera phulusa. Matumba asanu ndi limodzi, losefasefa kale.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo amjomba, alongo awo a amayi anga, ananditenga kuti ndiziwathandiza kuumba mabuloko ku Nkope. Simenti itakwera mtengo, anamva kwa mmisiri wina wa m'tauni kuti phulusa la zitsononkho limathandizira: ndowa zinayi za simenti, imodzi ya phulusa, buloko n'kulimba ndithu. Anandilonjeza kuti ndikadzaza matumba asanu ndi limodzi andipatsa njinga yawo yakale. Njingayo ndinkaifuna kuti ndiyambe kabaza, ndisiyane ndi fosholo.

Masabata atatu ndinayenda m'makomo kutolera zitsononkho ngati wamisala. Kuwotcha, kudikira zizizire, kusefa. Phulusa lamakala amjomba ankalikana, ankafuna loyera, losalala ngati ufa. Ndinkatuwa mpaka galu wathu yemwe ankandiuwa.

Matumbawo ndinawaika pansi pa mtengo wa mango, osamanga kukamwa. Apo m'pamene ndinapusa. Kwathu phulusa sapempha. Walipeza, watapa.

Lachisanu ndinapita ku Nkhudzi kukatula mabuloko pa ngolo. Tsikulo amayi a m'mudzi ankakonzekera sadaka, phwando lokumbukira malemu ena, ndipo alendo anali atayamba kale kufika. Pobwera ndinapeza matumba anga opanda kanthu, atawapinda bwinobwino, n'kuikapo mwala kuti asauluke.

Ndinayenda nyumba ndi nyumba. Wina anati anangotapa kambale kamodzi kotchezera chidulo, madzi aphulusa ofewetsera therere. Wina anakwechera mapoto. Wina anathira m'chimbudzi pochita manyazi ndi alendo. Amayi ena, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki, anasakaniza ndi chimanga kuti anankafumbwe asalowe, ndipo anandiyamikira kuti ndimasefa bwino kuposa mwana wawo wamkazi. Onse anati amene anawalozera pamtengopo ndi akazi a amjomba.

Ndinawapeza kukhitchini.

"Mayi, phulusa lija linali la mabuloko."

"Iwe, unaiona kuti nyumba yomanga ndi phulusa? Khala pansi udye."

Ndinadya. Therere lake linali lofewa bwino, sindinganame, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri.

Amjomba ndinawapeza pamkeka ndi alendo. Anati pangano lathu linali la matumba odzaza, koma iwo akuona matumba okhaokha. Ankalankhula therere likuyenderera m'chigongono, therere la phulusa langa lomwe. Ndinawauza kuti akafunse akazi awo. Anati iwo salowerera za kukhitchini. Mawa lake njinga ija anaipachika kudenga, ndipo ikadali komweko, matayala ataphwa.

Fosholo ndikadali nayo. Mabuloko tikuumba a simenti yokhayokha, amjomba akudandaula mtengo tsiku lililonse. Amayi anandiyamikira kusefa aja tikakumana pa mjigo amandifunsa kuti ndiwotchanso liti.

Sindine wosayamika, mbale ndinadya ija ndaichotserapo. Anthu a ku Nkope andibwezere matumba asanu ndi limodzi, kuchotsapo masupuni awiri a phulusa la m'mbale ija.