Sajeni Amene Ankaopa Kutsutsa Buku

Masana ena m'mwezi wa Meyi chaka cha 2006, a Chakufwa Saulosi anali pa kompyuta m'kashopu ka intaneti ku Arcadia, akuyang'ana malikisi awo. Anapeza 38. Aka kanali kachiwiri kulephera phunziro lomwelo.

Pasanathe sabata, m'thumba la yunifolomu yawo ya ulonda munali kalata yochokera ku bungwe lothandiza asilikali opuma ntchito, limene linkawalipirira sukulu. Kalatayo inali yaulemu koma yosazungulira. Akalepheranso kachitatu, malo awo apatsidwa kwa msilikali wina, chifukwa odikira anali ambiri.

Inu amene mukuwerenga, musafulumire kunena kuti munthuyu anali waulesi kapena wouma mutu. Ine ndinadutsa sukulu ya madzulo, ndipo ndinaona kuti munthu wamkulu akalephera pamakhala chifukwa chimene pepala la malikisi silitchula.

A Chakufwa anabadwira ku Atteridgeville. Bambo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno ku Joni, osabwereranso. Iwo analowa usilikali ali mnyamata, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ankayang'anira nkhokwe za katundu ndi kupakiritsa malole, mpaka anafika pa usajeni. Tsiku lina bokosi la zitsulo linawagwera pa bondo, usilikali n'kuthera pomwepo.

Ntchito imene anapeza inali yoimirira pa geti la mafulati kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Bondo linkatupa ngati dzungu. Dokotala anawauza mosabisa kuti akaimirira chonchi zaka zina ziwiri, adzayendera ndodo. Satifiketi ya kayendetsedwe ka katundu, imene ankaiphunzira pa intaneti ku yunivesite ina yophunzitsa anthu ali kwawo, ndiyo yokha ikanawapezera ntchito ya pampando.

Masiku anayi sanawauze akazi awo. Koma mayi Malita, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Queenswood, anaona kuti amuna awo akupolisha nsapato zomwe anapolisha kale, ndipo anadziwa kuti zinthu sizili bwino. Atawerenga kalata ija sanalalate. Anangowakumbutsa kuti bungwe lomwelo lili ndi kachipinda ku Capital Park komwe asilikali ophunzira amakumana Loweruka lililonse, ndipo iwo chiyambire sukulu sanapondeko.

Zinali zoona. A Chakufwa ankaona ngati kupita kumeneko ndi kudziulula kuti zawakanika. Ku usilikali munthu wodandaula ankasekedwa mwezi wathunthu. Koma Loweruka limenelo anakwera takisi n'kupita.

Kachipindako kanali kuseri kwa nyumba ina yakale. Munali makompyuta anayi otopa, makina osindikizira mapepala, ndi ketulo. Woyang'anira anali mayi Emily, amene kale anali kaputeni wa zamauthenga, nawonso mwana wa Amalawi a ku Mamelodi. Anapempha kuona ntchito ziwiri za kusukulu zimene a Chakufwa analephera zija, n'kuziwerenga mofatsa mpaka kumapeto.

Funso lake linali lomwelo zaka zonse ziwiri. Buku linapereka ndondomeko ya momwe lole imodzi ingapakiridwe kuti ikatsitse katundu m'masitolo asanu, ndipo wophunzira ankayenera kuiunika ndi kunena maganizo ake. A Chakufwa anakopera ndondomekoyo mwaukhondo, osaphonya ngakhale nambala imodzi, kenaka pansi pake analemba kuti zonse zili m'malo mwake.

Mayi Emily anawafunsa ngati iwo, ndi manja awo, akanapakira lole motero.

 Motsitsa mawu ngati wina akumvetsera pakhomo, a Chakufwa anati ayi. Katundu wa sitolo yoyamba waikidwa mkati mwenimweni, kufupi ndi dalaivala. Pofika pa sitoloyo mutsitsa lole yonse pamsewu kuti mumufikire. Ndiponso matumba olemera ali pamwamba pa makatoni a mabotolo. Anati zimenezi anaziona tsiku loyamba lomwe anatsegula bukulo.

Atafunsidwa chifukwa chimene sanalembere, anatembenuza buku n'kuloza dzina pachikuto. Wolemba bukulo anali pulofesa yemweyo amene ankachonga ntchito zawo. Ku usilikali sulemba pa pepala kuti wamkulu walakwitsa. Umauza ndi pakamwa amene ali pamwamba pako pang'ono, iyeyo ndiye amadziwa kokafikitsa. Koma kuno, pakati pa iwo ndi pulofesa panalibe munthu, panali kompyuta basi. Ngakhale pa tsamba la intaneti pomwe ophunzira ankafunsa mafunso, iwo ankangowerenga za anzawo. Chaka ndi theka sanalembepo liwu.

“Kaputeni, ndilamuleni basi,” anatero a Chakufwa. “Mukandilamula ndilemba.”

“Ayi, Sajeni,” anayankha mayi Emily. “Ndikakulamulani lero, pa mayeso adzakulamulani ndani?”

Vutoli mayi Emily anali ataliona kale mwa asilikali ena, choncho m'kachipindamo munali lamulo limodzi lokha. Munthu samwa tiyi asananene chinthu chimodzi chimene sakugwirizana nacho m'buku lake. Loweruka loyamba a Chakufwa anabwerera kukhosi kuli gwa. A Kagiso, amene kale ankayendetsa malole a asilikali ndipo tsopano ankaphunzira zamalamulo, anakhala nawo pafupi dala, akutakasa shuga mwaphokoso.

“Eish, Sajeni,” anatero a Kagiso, “mukufa ndi ludzu chifukwa cha pulofesa amene ngakhale nkhope yanu saidziwa.”

Loweruka lachiwiri ananena kanthu kakang'ono, kuti mapu a m'bukumo sakusonyeza misewu yoletsa malole. Anapatsidwa tiyi. Loweruka lachinayi anakhala pa kompyuta kuti afunse funso lawo loyamba pa tsamba lija. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso, kanayi konse. Pomaliza anayamba ndi mawu amene anawazolowera, akuti akupempha chilolezo cholankhula. A Kagiso anaseka mpaka kutsokomola, koma mayi Emily anati awasiye, bola atumize okha. Anatumizadi.

Masiku awiri otsatira, nthawi ya nkhomaliro ankatsimphina kupita kukashopu kaja osadya, kukaona ngati adzudzulidwa. Tsiku lachitatu pulofesa anayankha kuti chilolezo sichifunika, n'kulongosola yankho bwinobwino. Pansi pake ophunzira ena atatu analemba kuti nawonso chinkawavuta n'chomwecho.

Komabe kufunsa funso ndi kwina, kuuza munthu kuti buku lake lalakwa ndi kwinanso. Mu Seputembala ntchito ija inabweranso, funso lake lomwe lija. A Chakufwa analemba masamba atatu, n'kujambula lole ndi pensulo, kusonyeza pomwe katundu aliyense ayenera kukhala. Lamlungu masana mayi Malita anawerenga zonsezo, n'kufunsa chimene chidzachitike ngati bwanayo akwiya.

“Akakwiya, malo apita,” anatero a Chakufwa. “Koma ndikalemba zakale zija, malo apitanso. Bola apite nditanena zoona.”

Lolemba anatumiza. Intaneti ya m'kashopumo inali yochedwa, ndipo kamzere kosonyeza kuti ntchito ikupita kankakwawa pang'onopang'ono. Kawiri konse dzanja lawo linafika pa batani loimitsa, koma analibweza.

Anadikira milungu itatu.  Kalata iliyonse yofika m'bokosi la pageti ankaiyesa yowachotsa sukulu chifukwa cha mwano. Analembanso kalata yopepesa kwa pulofesa, n'kumayenda nayo m'thumba kuti zikangovuta aitumize tsiku lomwelo.

Lachinayi lina malikisi anatuluka. Anapeza 74. Pansi pake pulofesa analemba kuti zolakwika za m'ndondomekoyo anaziikamo dala, pofuna kuona amene angaziloze, ndipo palibe amene anazifotokozapo bwino chonchi. Anapemphanso ngati angaonetse chithunzi cha lole chija kwa ophunzira ena.

A Chakufwa anangodzipeza ataimirira njo pamaso pa kompyuta, manja m'mbali, bondo lotupa ataliiwala. Mayi Zakiya, eni ake a kashopuko, anabwera kudzafunsa ngati makina awonongeka. A Chakufwa anati ayi, ali bwino, kungoti pulofesa ndi amene akupempha chilolezo kwa iwo.

Mayeso a Novembala anakhoza. Malo awo sanapite kwa wina. Mu 2008 analandira satifiketi, ndipo patapita miyezi isanu kampani ina ya ku Rosslyn inawalemba ntchito yokonza ndondomeko za malole ake. Amagwira atakhala pampando. Bondo silinachire, koma ndodo sanaigwire.

Loweruka amapitabe ku Capital Park, ndipo masiku ano ketulo amasunga ndi iwo. Kalata yopepesa ija anaikhomera pakhoma pamwamba pa makapu, yopindikapindika momwe inalili m'thumba. Msilikali watsopano akakhala duu, buku lili pamiyendo, amamulozera kalatayo kuti aiwerenge, kenaka amamufunsa chimene waona cholakwika m'buku lake.

Inu amene munavula yunifolomu, kapena mukadali nayo koma mukufuna kubwerera ku sukulu, funsani komwe anzanu amakumana ndipo pitaniko musanalephere kawiri. Thandizo limene anakukonzerani si chamanyazi, munaligwirira ntchito. Zimene munaphunzira ndi manja anu zaka zonsezo ndi maphunziro enieni, ndipo aphunzitsi ena akungodikira kuti muzinene. Ngakhale muli ndi mantha, lembani zimene mukudziwa, tumizani. Musataye mtima, ndipo musadikire kulamulidwa.