Mphaka Amene Ndinapita Naye ku Dibi

Ndikukumbukira mphaka wathu wa ku Jenala, dzina lake Kapitawo. Anali wamkazi, koma abambo anamutcha choncho chifukwa ankayenda monyang'wa ngati kapitawo wa ku esiteti ya tiyi kumene iwo ankagwira ntchito. Anabwera naye m'thumba la jekete ali kamwana. Abambo atamwalira, atadwala nthawi yaitali matenda aja amene zaka zimenezo sitinkawatchula dzina, abale anagawana njinga, wailesi ndi zovala. Mphaka palibe anamuwerengera ngati chuma, ndiye anatsala wanga.

Kwathu mphaka wodziwa ntchito ankabwerekedwa ngati khasu. Tikakolola chimanga ndi mpunga, makoswe n'kuyamba phwando m'nkhokwe, munthu ankabwera ndi thumba, n'kumuponyamo Kapitawo kuti asaone njira, n'kukamusunga kwawo mpaka makoswe athe. Pomubweza ankabwera ndi kambale ka matemba a ku Chilwa. Kumana mnzako mphaka kunali ngati kumumana moto. Choncho Kapitawo anazungulira mudzi wonse, kudyera phale limodzi ndi amphaka a eni ake, kunyambitana nawo, kumenyana nawo.

Chaka chimene ndinali sitandade faifi anayamba kufooka. Anaswa ana, onse n'kufa asanatsegule maso. Kenako anaonda mpaka nthiti kuwerengeka, ubweya unayamba kuthothoka, dovu lili chuchuchu, m'kamwa mukununkha. Ukamupatsa litemba ankalinunkhiza, n'kuyang'ana kumbali. Tsiku lina khoswe anamudutsa pamphuno penipeni, iye osagwedeza n'khutu lomwe.

Amayi anamuyang'ana ali chapatali, manja ali kumbuyo. Chimwalirireni abambo, chinthu chilichonse choonda ankachiopa. Kwathu mphaka saphedwa, ati ndi tsoka. Akadwala amaikidwa m'thumba n'kukasiyidwa kutsidya kwa mtsinje, zina zonse adziwa ndi Mulungu. Amayi anati, "Loweruka ukamusiye. Ndatopa nawo maliro pakhomo pano."

Loweruka ndinanyamuladi thumba lija. Koma Loweruka linalinso tsiku la dibi, kumene anthu ankapita ndi ng'ombe kukazisambitsa m'mankhwala ophera nkhupakupa. Kumeneko n'kumene kunkapezeka a Mulipa, alangizi a ziweto, amene tonse tinkangowati adokotala a ng'ombe. Nditafika pamphambano, miyendo yanga inakhotera ku dibi.

Fungo la mankhwala ndi ndowe linandilandira ndili kutali. Ng'ombe zinkadumphira m'madzi, phava! n'kutulukira mbali ina zikupuma mwabefu. A Mulipa anali munthu wamfupi, wa chipewa chakhaki ndi nsapato za jombo, wosaseka wamba. Ndinagwada n'kumasula thumba. Mutu wa Kapitawo utatuluka, azibambo onse amene anali pamenepo anafa nacho chikhakhali. Wina anafuula kuti, "Muponyeni m'dibi nayenso, adokotala!"

"Iwe mwana," anatero a Mulipa, "ine ananditumiza kuno kudzaona ng'ombe, mbuzi, nkhuku za chitopa ndi agalu a chiwewe. Mphaka ayi. Ukufuna anthu azinena kuti Mulipa wayamba kusamala ndege za afiti? Pita kwanu."

Ine kuuma mutu ndinabadwa nako, amene anandikwatira angachitire umboni. Sindinapite. Ndinakakhala pansi pafupi ndi njinga yawo, mwendo wanga n'kuupisa pakati pa masipoko. Dzuwa linakwera, ng'ombe zinatha, anthu anabalalika. A Mulipa anabwera, kuyang'ana njinga, kuyang'ana mwendo wanga, n'kutsonya.

"Mugwire wekha. Ine ng'ombe ikandiponda ndimapirira, koma zikhadabo za mphaka toto."

Ndinamukulunga Kapitawo m'chitenje, mutu wokha uli kunja. Iwo anamutsegula kukamwa ndi chala chimodzi, thupi lonse ali chotalikira. Nkhama zake zinali zoyera ngati ufa, lilime lili ndi zilonda. Anamupapasa m'khosi n'kupeza timwanabere totupa. Anandifunsa ngati amayenda ndi amphaka ena, ndipo ine ndinayamba kudzitama za kubwerekedwa kuja, kutchula makomo onse amene Kapitawo anagwirako ntchito. Ndikamatchula, nkhope yawo imanka nikwinyika.

Anandiuza mosabisa. Anati kusukulu ya zaziweto anangophunzirako pang'ono za matenda ena a amphaka, khansa ya m'magazi yoyamba ndi kachilombo, kamene amphaka amapatsirana kudzera m'malovu, podyera pamodzi, ponyambitana ndi polumana. Anati sangatsimikize popanda kuyeza magazi, ndipo zoyezera zake sanazionepo n'kale lonse, koma zizindikiro zinkaloza kumeneko. "Ngati ndi amenewo, sachira. Jakisoni angapoletse zilondazi, koma zidzabweranso. Ine sindikonda kubaya chinthu chimene ndikudziwa kuti chikupita. Ndibayirenji?"

Ndinati, "Abambo anganso kuchipatala anati sachira. Koma amayi ankawaphikirabe phala."

A Mulipa anayang'ana kuphiri la Mulanje, kenako anatsegula chikwama chawo. Vuto linali lakuti zonse za m'menemo zinali za ng'ombe, jakisoni wake ngati mpope wa njinga. Anafufuza mpaka anapeza kasingano kakang'ono ka katemera wa agalu. Kulemera kwa mphaka sankakudziwa, ndiye tinapita kwa mayi wina wogula mpunga pamsewu, n'kumukoleka Kapitawo pasikelo ali m'thumba. Mayiyo anafunsa kuti, "Nanga ameneyu mukugulitsa bwanji?" A Mulipa anawerengetsera mlingo wa mankhwala ndi kamtengo padothi, akung'ung'udza. Pobaya, ine ndinagwira, iwo anatsinzina, Kapitawo analira kamodzi kokha.

Ndinawauza kuti ndikabwerera naye kunyumba ndekha, amayi andithamangitsa naye limodzi. Anatsonyanso, koma anakankha njinga kundiperekeza.

Amayi anawayalira mphasa akundiyang'ana ndi diso loti tionana alendo akapita. A Mulipa anafotokoza malamulo awo: mphaka asabwerekedwenso, asayandikane ndi amphaka ena, azidya zofewa, phala losakaniza ndi matemba osinja, ndipo akhale ndi mbale yakeyake.

Atamva za mbale yakeyake, amayi anaweramitsa mutu. Ine ndinadziwa chifukwa chake. Abambo akudwala, achibale anawapatulira kapu ndi mbale, ndipo kapu ija inali idakali patsindwi, palibe ankaikhudza. Amayi anafunsa motsitsa mawu ngati matenda a mphakayo angagwire ana. A Mulipa anati ayi, ndi a amphaka okhaokha, mwana amunyamule mmene angafunire. Kenako amayi anati, "Nanga matenda a anthu aja, adokotala? Amayenda m'kapu?"

"Ayi, mayi. Ine ndine wa ng'ombe, koma chimenecho ndikuchidziwa. Sayenda m'kapu."

Madzulo ake amayi anatsitsa kapu ija, kuitsuka ndi phulusa, n'kumweramo madzi ataimirira pakhomo. Za kutsidya kwa mtsinje sanazitchulenso.

Lamulo lovuta linali lokana kubwereketsa. Kapitawo atangoyamba kudya n'kuoneka ngati mphaka, azakhali anga, alongo awo a abambo, anatulukira ndi thumba lawo. Amayi anakana. Kalanga ine, mawu amene anatuluka tsiku limenelo! Ati mphakayo anali wa mlongo wawo, ati tayamba kudzimva chifukwa adokotala akumaima pakhomo pathu, ati umbombo wafika pomana ndi mphaka yemwe. Anatha nyengo yonse osatipatsa moni, ndipo matemba aulere aja anathera pomwepo. Amayi ankangoti, "Kafunseni a Mulipa." Palibe anapita kukafunsa.

Zilonda zikabweranso, ndinkamangirira kansanza pamtengo wa m'mphepete mwa msewu, ndipo a Mulipa pochokera ku dibi ankakhota. Ulendo uliwonse ankanena zomwezo: "Aka n'komaliza. Ndipo usauze munthu." Koma ndinaona kuti m'chikwama muja munayamba kukhala timasingano tating'ono tambiri, ndipo tsiku lina anamukanda Kapitawo kukhutu poganiza kuti sindikuona.

Kapitawo anakhala nafe kuyambira dzinja lisanayambe mpaka nthawi yowokera mpunga. Sanagwirenso khoswe, ntchito yake inali kuwothera dzuwa pambali pa nkhokwe, pathumba lomwe lija limene ndinayenera kukamutayira. Kenako jakisoni anasiya kugwira ntchito, monga a Mulipa ananenera. Anafa masana, mvula ikuwaza, mutu uli pamwendo panga, amayi akumudonthezera madzi ndi supuni. Ndinalira kwambiri. Tinamukwirira kuseri kwa nkhokwe. A Mulipa atamva, anagwira chipewa ngati avule, kenako anachita ngati amangokanda mutu.

Lero zinthu zinasintha. Nkhokwe kwathu zikutha, chimanga chimagona m'matumba m'nyumba, chothira mankhwala, ndipo ndikauza ana anga kuti mphaka ankabwerekedwa amaseka. Ndimamva kuti m'tauni madokotala a ziweto amatha kuyeza magazi a mphaka n'kudziwa, ngakhale kuchiza kwenikweni kulibebe. Ngati Kapitawo anadwaladi khansa ija sindidzadziwa. Matenda a abambo aja ndiwo tsopano timawatchula dzina, ndipo anthu akumwa mankhwala n'kumalima mpaka kukalamba. Mankhwalawo anangochedwa zaka zochepa kuti awapeze abambo.

Amayi akalamba tsopano, maso sakuonanso bwino. Ndikapita ku Jenala ndimawagulira makapu atsopano, iwo n'kuthokoza, n'kuwasungira alendo. Akafuna madzi amapapasa pathandala mpaka apeze kapu yakale ija, yogumuka m'mphepete.