Kolala Yaitali ya Bambo

Bambo anga ndi telala, ndipo atha zaka makumi awiri akuyeza makosi a anthu. Atatuluka mwanabere m'khosi, sanauze munthu. Anangodzisokera malaya a kolala yaitali, n'kumatinamiza kuti ndi fashoni. Ankaopa kuti makasitomala ayamba kunong'onezana za matenda aja.

Amayi zitawakwana, anawakokera kuchipatala. Adokotala anagwiragwira chotupacho, kenako anati, "Tayasamani, bambo." Vuto linali dzino lobooka basi, thupi likulimbana nalo.

Pobwerera amayi anati, "Amuna anga, ine ndinakayezetsa kale magazi ndekhandekha. Ndimaganiza kuti mukundibisira zazikulu."

Bambo atafika kunyumba anatenga sizasi n'kudula makolala onse aja, osawayang'ana amayi kumaso.