Alamu Anga Anathyoka Phewa Pondiwakha

Inu owerenga, ku Katete kuno kuli munthu amene satha kukweza mkono wake wamanja kupitirira phewa, ndipo amene anachititsa ndine. Munthuyo ndi alamu anga a Yotamu, amuna a mlongo wanga wamkulu Esinati. Akanapanda kupereka phewa lawolo, bwenzi lero ndikukankhidwa pa njinga ya olumala, mwinanso bwenzi pamanda anga patamera udzu. Ndikulemba izi kuti achinyamata anzanga okonda masewera ogwetsana, aja timaonera pa TV ndi m'mafoni n'kumati resilini, amve zimene ine ndinakana kumva.

A Yotamu anakhalapo ku Lusaka akugwira ntchito ya ulonda, ndipo kumeneko anaphunzira masewerawa kwa anthu ena amene ankaonetsa m'maholo. Atabwerera kumudzi kudzalima thonje, anandipeza ndikunyamula matumba a chimanga pamsika wa Katete. Tsiku lina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti ndili ndi thupi labwino komanso nkhope yoti anthu angandimvere chisoni. Ndinakhumudwa poganiza kuti akundinyoza. Iwo anangoseka, amvekere m'masewera amenewa nkhope yotereyi ndiye chuma. Tsiku lomwelo anandiitana kuti ndizisewera nawo, ndipo ndinavomera.

Tinapanga bwalo lathu ndi matabwa oyala pa matayala akale, pamwamba pake matumba a makoko a nshawa, mtedza uja, kenako lona, m'mbali zingwe zomangira ng'ombe. Mnzathu wina wometa tsitsi ndiye ankakhala woyimbira. Nyengo yokolola ikafika, anthu akayamba kudzaza m'misika, tinkakweza bwalolo pa lole n'kupita ku Sinda, ku Vubwi ndi m'midzi ya ku Mkaika. Ine dzina langa la m'bwalo linali Mphenzi, munthu wabwino woyimira anthu. A Yotamu anadzipatsa dzina loti Kaufiti, ka udzu kaja kofinya chimanga m'munda. Anati mlimi aliyense amadana nako asanakaone n'komwe, ndiye theka la ntchito yawo latha kale.

Ndikuuzeni zoona. Wopambana timakhala titagwirizana kale tisanalowe m'bwalo. Koma musaganize kuti ndiye kuti n'zosavuta. Kugwa ndi kugwa ndithu, matabwa sadziwa kuti mwagwirizana. Miyezi yoyambirira alamu sanandiphunzitse kumenya ayi, anandiphunzitsa kugwa: chibwano pachifuwa, manja otambasula, msana wonse ufike pansi nthawi imodzi. Anandiphunzitsa kuponda thabwa mwamphamvu poponya chibakera kuti phokoso limveke kutali pamene nkhonya yangokhudza tsaya. Anandiuza kuti ululu uzioneka pankhope mpaka munthu amene wayima kumbuyo pa ngolo aumve m'mimba mwake.

Chimene chinandivuta kumvetsa n'chakuti masewera onsewo ndi nthano, ndipo wokamba nthanoyo ndi munthu woipa uja. A Yotamu ankalowa m'bwalo pang'onopang'ono, atavala chijasi chakuda, n'kuyamba kunyoza eni dera. Ku Sinda ankati mbewa za kumeneko n'zowonda ngati amuna ake. Ku Vubwi ankafunsa ngati msewu wa kumeneko anaulima ndi khasu la mwana. Pofika nthawi yoti ine ndilowe, anthu amakhala atapsa kale mtima, akufuna aliyense woti amutseke pakamwa munthu ameneyu.

Poyamba ankandilola kuti ndiwagwetse kangapo, anthu aone kuti Mphenzi angathe. Kenako ankandithira dothi m'maso woyimbira atayang'ana kumbali, ndiye kundizunza kumayambira pamenepo. Ankandipanikiza khosi m'khwapa mwawo, ndipo m'menemo ndi mmene ankandinong'oneza chochita. Ndikafuna kudzuka msanga ankati, "Gona, mlamu. Azimayi sanayambe kukuwa." Ankandipatsa kampata kakang'ono, ndimenye kamodzi kawiri, anthu ayimirire, kenako n'kundigwetsanso kuti akhale pansi mokhumudwa. Ankamvetsera gulu ngati mmene mlimi amamvetsera mphepo ya mvula. Akamva kuti anthu afika poti sangapirirenso, ankandifinya dzanja. Pamenepo ndinkadzuka, n'kuwabwezera zonse, n'kuwagoneka chagada, woyimbira n'kuwerenga mpaka katatu. Anthu ankabwerera kwawo mitima ili mbee, ngati kuti zonse zimene zimawapondereza pa moyo zagwa limodzi ndi Kaufiti.

Vuto linayamba anthu atayamba kundikonda kunja kwa bwalo. Ana ankandithamangira pamsika akufuula dzina la Mphenzi. Makondakitala a minibasi ankandikhazika kutsogolo. Anyamata ankandijambula m'mafoni n'kumatumizirana, ndipo ine ndinkadzionera ndekha mobwerezabwereza. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kukhulupirira nthano imene ndinkaseweramo. Ndinkaona ngati anthu amabwera chifukwa cha ine, ndipo alamu ndi thumba chabe loti ndizigwetsa. Ndinaiwala kuti pamene ndikuwanyamula m'mwamba anthu n'kumadabwa ndi mphamvu zanga, iwo amakhala atadumpha okha n'kudzichirikiza pamapewa anga kuti apepuke.

Ndinayamba kusirira azungu a m'mafoni aja amadumpha kuchokera pa makwerero. Ndinawapempha alamu kuti nanenso ndidumphe kuchokera pamwamba. Anakana. Anati bwalo lathu ndi la makoko a nshawa, ndipo kudumpha kotereko kumafuna kuti wodumpha ndi wowakha aphunzire pamodzi nthawi yaitali. Anawonjezera kuti anthu a kuno sanapemphe zimenezo, akufuna kuona munthu wabwino akudzuka, basi. Ndinavomera pakamwa, koma mumtima ndinati nsanje, akuopa kuti ndiwaphimba.

Tsiku la ngozi linali Loweruka masana ku Sinda, nyengo yozizira, thonje lili mbuu m'minda. Anthu anadzaza kuposa masiku onse. Pafupi ndi bwalo panayima lole yodzaza mabelo a thonje, ndipo ndinaiona tisanayambe. Mlongo wanga Esinati analipo, akugulitsa zitumbuwa kumbuyo kwa gulu.

Zonse zinayenda monga tinagwirizana mpaka pamene ndinadzuka n'kuwaponya alamu kunja kwa zingwe. Tinapangana kuti ndiwatsatire pansi, ndiwabwezere m'bwalo, timalize. M'malo mwake ndinathamangira ku lole ija n'kuyamba kukwera. Anthu anakuwa kwambiri moti sindinkamva ngakhale kupuma kwanga. Nditafika pamwamba pa mabelo ndinayang'ana pansi. Alamu anali atayima pa dothi louma gwa, kunja kwa matabwa, akundiyang'ana. Anapukusa mutu pang'ono, moti gulu silinaone, koma ine ndinaona bwinobwino. Ndinadumpha.

Phazi linaterereka pa belo pamene ndinkanyamuka. M'malo mopita ndi chifuwa, ndinatembenuka n'kumatsika ndi mutu. Alamu akanatha kungosuntha phazi limodzi chammbali, ndipo palibe akanawanena, popeza Kaufiti ndi munthu woipa, kuzinda ndiye khalidwe lake. Iwo anathamangira pansi panga. Anandilandira ndi phewa ndi mikono, n'kutembenuza thupi langa kuti khosi lisafike pansi. Tinagwa tonse, iwo pansi ine pamwamba, ndipo ndinamva chinthu chikuthyoka pafupi ndi khutu langa ngati phesi louma.

Ndinaganiza kuti ndathyoka ndine. Kenako ndinamva mawu awo, otsika, akutuluka pakati pa mano.

"Uli bwino, mlamu? Gwedeza zala."

Ndinagwedeza, zinagwedezeka. Ndinati, "Alamu, mwapweteka inu. Tisiye."

"Usasiye. Ndigwire ku dzanja lamanzere, undikokere m'bwalo, timalize. Ana akuona."

Ndinawakokera m'bwalo, ndinagona pamwamba pawo osawalemera, woyimbira anawerenga. Anthu anandinyamula m'mwamba akuimba. Ndili pamapewa pawopo ndinaona alamu akutsika m'bwalo okha, mkono uli lende, anthu akuwagenda ndi zitsononkho ndi makoko a nzimbe. Mnyamata wina anawalavulira. Iwo anatembenuka n'kumuopseza ndi nkhope ya Kaufiti, ngakhale milomo inali itatuwa. Amene anathamanga kukawagwira anali Esinati yekha, atasiya beseni la zitumbuwa pansi.

Kuchipatala ku Katete anatiuza kuti fupa lolumikiza khosi ndi phewa lathyoka, ndipo phewalo laguluka n'kung'amba minofu. Dokotala atamva mmene ndinagwera, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ndikayamike Mulungu ndi munthu amene wagona pabediyo. Panja, mlongo wanga sanakuwe. Anangondifunsa kuti, "Iwe, anakuuza kuti udumphe?" Ndinati ayi. Anati, "Nanga thonje lili m'munda lija atola ndani?" Sanandilankhulenso mpaka tinakolola.

Ndinasiya ntchito ya pamsika n'kukagona kwa alamu. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'munda mwawo ndi thumba m'chiuno. Amene anatolapo thonje akudziwa mmene zikhokhombe zake zimabayira zala ndi mmene msana umawawira. Palibe mwana anandiitana Mphenzi m'mundamo. Alamu ankakhala pansi pa mtengo wa mango, mkono uli pansalu, akundiuza mizere imene ndadumpha.

Tsiku lina ndinatula thumba n'kukhala pafupi nawo. Ndinawapepesa, ndinalira ndithu, n'kuwauza zonse zimene ndinkaganiza za iwo, za nsanje zija. Ndinati ndikufuna ndikayime pamsika wa Sinda ndiwauze anthu kuti munthu amene anamugenda ndi amene anandipulumutsa.

Anaseka mpaka anagwira phewa chifukwa cha ululu. Anati, "Mlamu, wandithyola fupa, manje ufuna undiphere ntchito? Ndavutika zaka kuti anthu adane nane." Kenako anasiya kuseka n'kunena kuti m'bwalo munthu amalowa atanyamula thupi la mnzake, osati lake. Anati anandiwakha chifukwa ndi ntchito imene anavomera tsiku limene anandiitana, ndipo akadasuntha sakanatha kumuyang'ananso Esinati m'maso. Zokhululuka sanazitchule n'komwe. Anangondiuza kuti ndimwe madzi ndibwerere kumzere.

Fupa linalumikizana, koma phewa silinabwerere mwakale. Alamu sangathenso kunyamula munthu. Tsopano amayima pambali pa bwalo ndi chijasi chawo chakuda, kunyoza anthu ndi kusokoneza woyimbira, ndipo pakamwa pawo mpamene pamadzazabe msika. Tinapeza anyamata ena awiri oti tiwaphunzitse, ndiye panafunika munthu wodziwa kutsogolera masewera. Alamu anandiuza kuti ndimete mpala, ndisiye kumwetulira. Mphenzi anapereka anthu ake n'kupita kumbali ya Kaufiti pamaso pa gulu lonse ku Katete, ndipo tsiku limenelo ndinaona ana amene ankandithamangira aja akulira ndi mkwiyo.

Panopa woipa ndine. Ndine amene ndimamvetsera gulu, ndimanong'oneza mnyamata kuti agone kaye, ndimadumpha ndekha kuti iye aoneke wamphamvu. Ku Vubwi mayi wina anandimenya ndi ambulera kumsana, ndipo ndinabwerera kunyumba wokondwa, podziwa kuti nthano yalowa. Pamene mnyamatayo akunyamulidwa m'mwamba ine ndikutsika ndekha, ndimamvetsa zimene alamu ankandichitira masiku onse aja osanena. Ndimathokoza kuti ndili ndi miyendo yotsikira.

Inu achinyamata, zimene mumaona m'mafoni zija musamayese pa anzanu kusukulu kapena kudambo. Anthu aja anaphunzira kugwa nthawi yaitali, ndipo aliyense wodumpha ali ndi mnzake pansi amene akudziwa kuti akubwera. Inu makolo, mukaona ana akupanikizana makosi potsanzira, musangoseka, afotokozereni kuti pa TV paja anthuwo akutetezana, sakuphana. Ndipo inu nonse amene anthu akukuomberani m'manja, kaya ndi pa mpira, kukwaya kapena pantchito, phokoso limenelo lisakutsekeni makutu pamene munthu wodziwa wakupukusirani mutu. Ine ndinali ndi mwayi woti wondikaniza anali yemweyo wondikonda mpaka kuika thupi lake pansi panga. Si onse ali ndi mlamu wotero. Ngati muli naye munthu amene amavomera kuoneka wamng'ono kuti inu muoneke wamkulu, pitani mukamuthokoze lero, akadali ndi mikono yonse iwiri yokulandirirani.