Beseni limene linkathera kwa ana

Ndikukumbukira ine, ndili kamtsikana kotha mano akutsogolo, chaka chimene kasupe wathu ku Misuku anauma gwa. Ku Misuku, kwa mvula, kuuma! Madzi tinkakumba mumchenga kuchigwa, n'kukwera nawo phiri khosi likulira.

Tsono kwathu posamba m'manja beseni linali limodzi, madzi amodzi. Ankayamba adada, kenaka amama, akulu anga, ine, n'kuthera kwa kamlongo kanga Lusubilo. Pofika kwa iye madziwo anali ngati a m'chithaphwi. Ndiye mwanayo anatsegula m'mimba, kutsegula, kutsegula, mpaka maso kulowa m'kati. Amama anasiya n'kuimba komwe.

Kunabwera mayi wa zaumoyo wochokera kummwera, wodziwa “yewo” yekha basi pa ziyankhulo zathu zakumpoto. Anam'patsa mwanayo madzi a mchere ndi shuga. Amama anaphika nthochi ndi nyemba, adada n'kupereka beseni kwa mlendo kuti ayambe, monga mwa ulemu. Mayiyo anakana moseka, akuti lero iye ndiye chitsirizira m'nyumba muno. Anadzakhala pamphasa kuseri kwa Lusubilo.

Beseni linayenda, linayenda, linafika. Mayiyo anapinda malaya kuti aviike manja m'matope aja. Adada anadzuka msangamsanga n'kuligwira, manyazi ali tho, akuti mlendo sangasambe zoterezi.

“Adada,” anatero mayiyo mofatsa, “nanga uyu amasambamo tsiku lililonse ndi wa kwa yani?”

Adada anayang'ana madziwo, anayang'ana mwana wawo. Kenaka anatenga chikho okha, bambo wamkulu ndithu, n'kugwada, n'kuthirira Lusubilo m'manja pang'onopang'ono, phulusa lili m'malo mwa sopo. Tonse tinathiriridwa, ndipo madzi anatsalako! Ogwera m'beseni anakamwetsa mbande za khofi.

Dzina la mayiyo linandithawa, koma ndimam'thokoza m'mawa, ndimam'thokoza masana. Sanatinyoze, sanatiwerengere buku. Anangokhala pamalo pa mwana kuti adada aone.

Lero mvula yasokonekera, mjigo wathu umatsokomola mwezi wa Okutobala usanathe, koma kwanga mdzukulu wamng'ono ndiye amayamba kuthiriridwa. Madzi akachepa, oyerawo apite kwa wofooka. Lusubilo? Alipo, ee, alipo, imvi mbuu! Akabwera kudzandiona amalanda jagi, akuti khalani pansi alongosi, ndikuthirireni ndine.